Ulusi pa Chipewa cha Mkuwa

Lolemba m'mawa, pamene Wessel Struik ankafika ku nyumba ya khonsolo, anapeza mzinda wonse wa Veerzijl utagamula kale mlandu. Anthu anali piringupiringu pamasitepe, maambulera ali m'manja, ndipo pakamwa pa aliyense panali munthu mmodzi yekha: Mjeremani uja. Wessel anali wapolisi wofufuza milandu, wobadwira momwemo, ndipo anthu akwawo ankawadziwa bwino. Akagwirizana msanga chotere, ndiye kuti palibe ndi mmodzi yemwe waona kanthu.

Chithunzicho chinali chikadali pakhoma pake m'chipinda cha misonkhano. Chinajambulidwa ndi utoto pa chinsalu chachikulu zaka mazana zapitazo, ndipo mwana aliyense wa mu Veerzijl anakula akuchidziwa pamtima: doko, zombo za matanga, nyumba zosungiramo katundu, nsanja yosongoka ya tchalitchi chachikulu ndi tambala wake pamwamba, kenako chapakati, kuposa zonsezo, denga lobulungira la tchalitchi cha Alutera, lija anthu ankalitcha Chipewa cha Mkuwa. Lero pamalo pa Chipewacho panali bowo. Wina anachidula mbali zonse zinayi n'kupita nacho.

Kalelo boma silinkalola Alutera kumanga nsanja. Nsanja ndi belu zinali za tchalitchi chachikulu. Enawo azipemphera ndithu, koma asaonekere patali. Alutera anangoti chabwino, nsanja sitimanga, n'kumanga denga lobulungira, pamwamba pake n'kuikapo tsekwe wa khosi lalitali m'malo mwa tambala. Denga limenelo linagwa ndi mabomba pa nkhondo yapitayi, n'kuwosa anthu amene anabisala pansi pake. Mmodzi wa iwo anali amayi ake a Wessel. Chichokereni tsiku limenelo Wessel sanapondenso m'tchalitchi, ndipo Chipewa chinatsala pachithunzi pokha.

Anayandikira bowo lija. Munthu wachidani amang'amba, amabaya, amalemba zotukwana. Uyu ayi. Mpeni unayenda mowongoka, unalambalala tsekwe uja n'kumusiyira mitambo yokwanira pamwamba pa mutu. M'mphepete munkaoneka kamzere ka choko, kutanthauza kuti wodulayo anayamba wayeza. Ndiye pa ngodya iliyonse ya bowolo panali timisoko ting'onoting'ono ta ulusi wokhuthala, tomanga chinsalu kuti chisapitirire kung'ambika. Wessel anawerama n'kununkhiza. Ulusiwo unkanunkha phula la njuchi.

Fungo limenelo ankalidziwa. Anaweramuka, n'kubisa manja m'matumba.

Bwana Kloppers, mkulu wa polisi, anali atamuimira kale kumbuyo, akupukuta magalasi ndi taye. Anati nkhaniyi ndi yosavuta. Khonsolo inalemba Mayi Irmgard Lohse, Mjeremani uja, ntchito yotsuka chithunzichi. Makiyi ali nawo, mipeni ali nayo yodzaza bokosi, ndipo Loweruka anakangana ndi Khansala Verschuur mpaka anthu kumva pa msewu. Mwamuna wawo, mwana wa mumzinda muno, anamwalira, choncho palibe chowasungira kuno. Panopa ali m'chitokosi.

"Lachitatu akwera sitima ya kumalire," anatero Kloppers. "Kamwana kawo katsala kwa abale a mwamuna. Iwe ungotolera maumboni, Struik, usandivutitse."

Wessel anafunsa ngati bwanawo aona ulusi wa m'ngodyamo. Kloppers anasuzumira, n'kugwedeza mapewa. Anati azimayi amasoka.

*

Mlonda wa nyumba ya khonsolo, Okke Damstra, Wessel anamupeza atakhala pa bokosi la malasha, nsapato imodzi atavula, akusisita phazi. Okke anali munthu woti ukamufunsa nthawi amayambira tsiku limene anagula wotchi. Anayamba ndi nyamakazi yake, n'kupita kwa ana amene amatsamiritsa njinga pa chitseko, n'kubwerera ku nyamakazi. Wessel anadikira.

Pomaliza zinatuluka. Loweruka madzulo, potseka, chithunzi chinali chathunthu. Lamulungu iye sagwira ntchito, ndi Mkhristu. Chimene amachita n'kungotsegula chipinda chapansi, chimene khonsolo inabwereketsa Alutera kuti azipemphereramo chigwereni tchalitchi chawo, kenako iye n'kuwoloka bwalo kupita ku tchalitchi chachikulu. Kumeneko abusa akayamba kulalikira, bola utapita utadya. Pobwerera amapeza Alutera atabalalika kale, chifukwa ulaliki wawo ndi waufupi ngati mchira wa mbuzi.

"Nanga makiyi mumayenda nawo?"

"Makiyi kutchalitchi? Azikalira m'thumba pakati pa pemphero? Ndimawakoleka pa msomali, kuseri kwa chitseko cha chipinda chapansicho. Onse, ndi a m'mwamba omwe."

"Amawaona ndani pamenepo?"

Okke anati palibe, kupatula munthu woyang'anira khomo pa mapemphero a Alutera, amene mpando wake uli pansi penipeni pa msomaliwo. Munthu wokhulupirika, zaka zonsezi sipanasowepo ndi batani lomwe.

Wessel anafunsa dzina lake.

Okke anasiya kusisita phazi n'kumuyang'ana modabwa. "Iwe ukufunsa ine? Si bambo ako?"

*

Mayi Lohse anali atakhala pabedi la m'chitokosi, msana uli chilili, bulangete atalipinda bwinobwino pambali. Anali mayi wochepa thupi, wa imvi zapatalipatali, zala zake zothimbirira ndi mankhwala a ntchito. Sanalire, sanachonderere. Ankayankhula pang'onopang'ono, liwu lililonse ataliyeza, monga achitira anthu amene anaphunzira chinenero atakula ndipo akudziwa kuti akaphonya pang'ono asekedwa.

Wessel anafunsa za mkangano wa Loweruka.

Anamufotokozera kuti atayamba kuchotsa litsiro la zaka zonsezo, anapeza kuti Chipewa chinajambulidwa kawiri. Wojambula woyamba anachiika monga chinalili, chachifupi, chikungosuzumira kuseri kwa nyumba za katundu, nsanja ya tchalitchi chachikulu ili pamwamba pake. Patapita zaka, chithunzicho chinagulidwa ndi Mlutera wina wamalonda, ndipo iye anaitana wojambula wina kuti achikweze Chipewacho, achikulitse, mpaka tsekwe apose tambala.

"Chimene anawaletsa kumanga ndi njerwa, anachimanga ndi utoto," anatero. "Ojambula mizinda ankatero kawirikawiri. Mukafuna kudziwa mwini chithunzi ankapemphera kuti, yang'anani denga limene lili pafupi ndi kumwamba."

Khansala Verschuur, mkulu wa mpingo ku tchalitchi chachikulu, atamva zimenezi anasangalala ngati watola chikwama. Iye ndi amene wakhala akulimbikira kuti mabwinja a tchalitchi cha Alutera asalazidwe, pamangidwe siteji ya mabasi. Analamula kuti Lolemba mayiwo ayambe kupala Chipewa chachikulucho, chioneke chaching'ono chija, anthu adziwe kuti chimene akulirira chinali bodza.

"Ndiye munati chiyani?"

"Ndinakana. Ndinawauza kuti chapansicho ndi mmene denga linalili, chapamwambacho ndi mmene anthu ake ankaliwonera, ndipo ine sindipala chilichonse. Anati apeza wina. Ndinawatchula dzina loipa, ndikuvomera."

Wessel anafunsa za ulusi. Kwa nthawi yoyamba nkhope yawo inasintha. Anati iwo pachithunzi sabaya singano, amamata ndi guluu kumbuyo. Kuli bwino adzibaye m'diso. Koma anavomereza kuti amene anasoka pamenepo nsalu amaidziwa, chifukwa popanda misokoyo chinsalu chikanang'ambika mpaka kudoko.

Nanga panalinso wina amene ankadziwa za kupalako?

Anaganiza pang'ono. Anati pali gogo wina wamwamuna, wamtali, amene amabwera kawirikawiri akamagwira ntchito. Amavula chisoti chake n'kuima patsogolo pa chithunzi, duu, osayankhula. Sanawapatsepo moni mayiwo ndi tsiku limodzi lomwe. Lachisanu gogoyo anamva khansala akulamula za kupala, chifukwa anali ataima pakhomo. Dzina sakulidziwa, koma chikhatho chake chamanzere chili ndi mzere wakuda wopingasa, ngati wa munthu amene wamanga chikopa pamenepo moyo wake wonse.

Wessel anatseka maso. Chikhatho chimenecho anachidziwa asanadziwe kuwerenga.

Ali pakhomo, mayiwo anamuitana. "Bambo Struik, mwana wanga Annelie sagona popanda nyali. Abale a bambo ake sadziwa zimenezi. Mungawauze?"

Anati awauza. Anatuluka osawayang'ana kumaso.

*

Sanapite kwa bambo ake mwachindunji. Anazungulira, kunena zoona, ngati galu woba mazira. Anadziuza kuti mwina pali cholakwika. Osoka matanga ngati bambo ake mumzinda muno anali ambiri kale, ndipo munthu sangakhale m'mapemphero ndi m'mwamba nthawi imodzi. Ngati bambo ake anakhala pampando wawo kuyambira poyamba mpaka Amen, nkhani yatha.

Mayi Trijntje ankagulitsa nsomba zamchere ndi anyezi pa mlatho wa kudoko, ndipo Lamulungu ankaimba kutsogolo kwa Alutera. Palibe chimene chinkachitika m'chipinda chapansi chija iwo osachiona. Atangomuona Wessel anayamba kumunyogodola, kuti taonani wachikunja wathu, kodi apolisi anakuletsa kudya, wawonda ngati ndodo ya ambulera. Anamukankhira nsomba m'manja asanapemphe.

Wessel anafunsa, ngati nkhani yongocheza, ngati bambo ake anabwera dzulo.

"Gerbrand angajombe? Anabwera woyamba, atavala jekete lake la maliro lija. Anatilandira tonse pakhomo."

Mtima wa Wessel unatsika pang'ono. Analuma nsomba.

"Koma dzulo kunali kokoma, mwana iwe," anapitiriza mayiwo, akudula anyezi. "Ukuwadziwa mawu a bambo ako. Amaimba ngati chitseko chopanda mafuta, ndiye amatsalira m'mbuyo, ife tili pa vesi lachitatu iwo akukokabe lachiwiri. Amayi ako, Mulungu awasunge, ankachita kuwaponda phazi. Dzulo nyimbo ya pambuyo pa ulaliki tinayamba limodzi n'kumaliza limodzi, zii, bwinobwino. Ndinachita kucheuka kuti kodi mkuluyu wakomoka?"

"Munawaona?"

"Mpando wokha. Ndinati mwina atuluka kukakhosomola. Pa madalitso anali atabwerera, akupukuta manja."

Mpeni wa Mayi Trijntje unaima pakati pa anyezi. Anamuyang'ana Wessel, n'kuyang'ana cha ku nyumba ya khonsolo, n'kumuyang'ananso. Anali mayi wolongolola koma sanali wopusa.

"Wessel," anatero motsitsa mawu, "ine sindinanene kanthu. Wamva? Mayi uja ndi wobwera. Kwawo kuliko. Bambo ako atsala ndi chiyani?"

Wessel anaika nsomba ija pa thebulo.

*

Chipinda chosokera matanga chinali pamwamba pa nyumba yakale ya katundu, m'mbali mwa ngalande. Ntchito inali itatha kalekale, zombo zonse zikuyendera injini, koma Gerbrand Struik ankakwerabe masitepewo m'mawa uliwonse, kumasoka mahema a m'misika ndi zophimbira ngolo. Fungo lake linali lomwe lija la ubwana wa Wessel: phula, chingwe ndi fodya.

Anawapeza pa benchi yawo, chikopa chili pachikhatho, akukankha singano ndi dzanja lamanzere. Sanadzutse mutu.

"Wapukuta nsapato?"

"Ndapukuta, Bambo."

Sanafunikire kufufuza. Chinali pomwepo, pafupi ndi zenera, chitakungidwa bwino pa timatabwa tatsopano n'kutsamiritsidwa pa mpando umene amayi ake ankakhalapo akabweretsa chakudya cha masana. Chipewa cha Mkuwa, chobiriwira, dzuwa likuwala pa mbali yake imodzi, tsekwe ali pamwamba. Wessel anali atachiona kambirimbiri pakhoma la khonsolo, koma apa, chili chokha, popanda nsanja yopikisana nacho, chinamukumbutsa denga lenileni lija. Anakumbukira mmene ankakhalira pansi pake ali mwana, khosi litapindikira m'mwamba, akukhulupirira kuti kumwamba kwenikweniko ndi kumeneko, kobulungira, kokhala ndi mazenera.

"Munayeza ndi choko," anatero. "Munamanga ngodya. Munandiphunzitsa nokha kuti nsalu yodula siisiyidwa ndi ngodya yosamanga."

"Ndiye unkafuna ndisiye ing'ambike?"

Wessel anawauza zonse: makiyi a pa msomali, nyimbo imene inakoma. Gogoyo anaseka pang'ono ndi mphuno, nati Trijntje uja pakamwa pake padzamupha. Sanakane kalikonse. Anati Lachisanu anamva ndi makutu awo Verschuur akulamula kuti Chipewa chipalidwe ngati mamba a nsomba. Tchalitchi anachisiya chili bwinja, mawa aikapo mabasi pamene panafera mkazi wawo, ndiye tsopano akufuna ndi pachithunzi pomwe.

"Denga lija linagwa kamodzi ine ndikuona," anatero. "Ndinafukula njerwa ndi manja awa. Kachiwiri ayi."

Wessel anawauza za chimene chili pansi pa utoto, kuti denga lenileni linali lalifupi. Bambo ake anamuyang'ana ngati wanena zachibwana. Anati kodi akuganiza kuti iwo sadziwa? Anakwerapo pa denga limenelo ali mnyamata, kukapukuta tsekwe. Tambala wa enawo ankamuona ali m'mwamba kutali. Mlutera aliyense ankadziwa. N'chifukwa chake chithunzicho chinali chawo.

"Bambo, pali munthu m'chitokosi chifukwa cha ichi. Lachitatu amuthamangitsa m'dziko, mwana wake atsala."

Singano inapitiriza kuyenda. "Ndamva. Ndege za kwawo ndi zimene zinatipha."

"Sizinali za kwawo."

Singano inaima. Zimenezi mu Veerzijl sizinkanenedwa. Aliyense ankadziwa kuti ndege za tsiku limenelo zinali za abwenzi, zobwera kudzaphulitsa doko limene adani analanda, n'kuphonya. Koma abwenzi anatiombola, sitingawakwiyire, ndiye mkwiyo wonsewo anthu anausunga kudikira Mjeremani aliyense amene angadutse. Wessel nayenso anausunga, asaname. Mkazi uja anakhala mumzindamu zaka zambiri, iye sanamupatsepo moni.

"Usandiphunzitse za tsiku limenelo, iwe," anatero Gerbrand. "Sunalipo. Ukachibweza, Mjeremani wakoyo achipala mawa lomwe."

"Anakana."

"Wati chiyani?"

"Loweruka inu kunalibe. Anamukanira Verschuur pamaso, mpaka kumutukwana. Anati sapala. N'chifukwa chake bwana wanga akuti ndi iye, poti anakangana. Mumzinda monse muno, munthu mmodzi yekha amene anaimira Chipewa chanu ndi amene mwamugoneka m'chitokosi. Ndipo ndi iye yekha angathe kuchibwezera pamalo pake."

Gogoyo anayang'ana chikhatho chake. Wessel ankafunitsitsa bambo ake atamukalipira, atamuthamangitsa, chilichonse chimene chikanamupatsa mphamvu. Ankadziwa kuti akhoza kutsika masitepewo yekha, n'kukauza Kloppers kuti sanapeze kanthu; mzinda wonse ukanamuthokoza mwakachetechete, ndipo Lachitatu sitima ikanapita. Koma anaima pomwepo, sanatsike.

"Ndiyenera kukutengani, Bambo."

Gerbrand anamaliza msoko umene anali pakati, anamanga mfundo, anadula ulusi. Anavula chikopa chija n'kuchiika pa benchi. Kenako anakulunga Chipewa mu nsalu yoyera ya thanga, nati anyamula okha.

*

Anadutsa pa mlatho dzuwa likupendeka. Mayi Trijntje atawaona anatembenuka n'kuyamba kutsuka thebulo limene linali loyera kale.

Kloppers anatukwana, anavula magalasi, anawavalanso, anafunsa Wessel ngati akudziwa chimene akuchita. Koma chinsalu chinali pa desiki pake, ndipo mwini mlandu anali ataima pamaso pake akuvomera. Anamuponyera Wessel makiyi a chitokosi, nati wayamba yekha, amalize yekha.

Mayi Lohse anatuluka atanyamula jasi lawo pamkono. Pakhonde lopapatizalo anakumana maso ndi maso ndi gogo uja. Anamuzindikira, anayang'ana chikhatho chake, kenako anayang'ana Wessel, ndipo anamvetsa zonse. Gerbrand anavula chisoti, monga ankachitira patsogolo pa chithunzi, n'kuwapatsa mtolo uja ndi manja awiri. Milomo yake inagwedera koma moni uja sanatulukebe. Mayiwo analandira, anatsegula kangodya kamodzi, anaona m'mphepete mmene mpeni unadutsa.

"Chibwerera," anatero. "Chipsera chizioneka, koma chibwerera." Ndipo anapita mothamanga, kukapeza mwana wawo kusanade.

Gerbrand analowa m'chitokosi yekha, osadikira kuuzidwa. Anakhala pabedi pamene panali pakadali pofunda, n'kuyang'ana uku ndi uku. Anaoneka wamng'ono, munthu uja Wessel ankamuona ngati mlongoti wa chombo. Dzanja lake lamanzere linapita lokha pa bulangete lopindidwa lija, n'kupeza pamene ngodya yake inayamba kung'ambika. Analitambasula pa maondo, akuyeza kung'ambikako ndi chala.

"Taona ntchito iyi," anatero. "Likangotere lifika pakati. Wessel, tandibweretsera singano."

Wessel anagwira chitseko. Kiyi anali wozizira m'dzanja lake.

"Muno salola singano, Bambo."

Gogoyo anamuyang'ana, n'kugwedeza mutu pang'onopang'ono. Anatsina ngodya ija ndi zala ziwiri kuti isapitirire, n'kukhala choncho ataigwira. Wessel anatseka chitseko, n'kupotokola kiyi.